Buku la pikapu yanu likunena za misewu yathu, ife ndife osawerenga

Anzanga a mapikapu kuno ku Mzuzu, lero ndili nanu. Galimoto iliyonse imabwera ndi buku lake, koma ambiri bukulo limangogona m'kabokosi ka kutsogolo pamodzi ndi bluebook ndi malisiti akale. Tikafuna kudziwa nthawi yosinthira oyilo timafunsa mnzathu wa pa siteji, iyenso anamva kwa mlamu wake. Ine maganizo anga ndi akuti m'bukumo muli tsamba limodzi lomwe likukamba za ife a kuno kumpoto ndendende, ndipo ndi tsamba lomwelo lomwe timalidumpha.

Mukatsegula gawo la sevisi, kaya ndi Hilux, Isuzu, Ford Ranger kapena Nissan Hardbody, mupeza ndondomeko ziwiri. Yoyamba ndi ya galimoto yoyenda mofewa, pa tala wabwino, yosalemedwa. Yachiwiri ndi ya galimoto yogwira ntchito movutikira, ndipo bukulo limatchula lokha zomwe likutanthauza: kuyenda m'misewu ya fumbi, ya matope kapena yokumbika, kunyamula katundu wolemera kapena kukoka ngolo, kuyenda timaulendo tifupitifupi kunja kukuzizira, ndi kusiya injini ikulira nthawi yaitali galimoto itaima. Tandiuzani, pikapu iti ya mu Mzuzu muno yomwe siikhudzidwa ndi chimodzi mwa izi? Wopita ku Usisya, wokwera ku Nyika, wokatenga matabwa ku Chikangawa, wokagula nyemba m'midzi ya ku Mzimba, onsewa mu Okutobala amasamba fumbi, mu Febuluwale amakanda matope. Ngakhale amene satuluka m'tauni, kungopatuka pa tala kulowa ku Mchengautuwa, ku Zolozolo kapena ku Masasa ndiye kuti walowa kale m'ndondomeko yachiwiri ija. Nanga wonyamula ana kuchoka ku Katoto kukawasiya kusukulu m'mawa wa mu Juni, injini n'kuzimitsidwa isanatenthe n'komwe? Onjezerani masiku aja timagona pa mzere wa dizilo, kuliza injini, kusuntha pang'ono, kuzimitsa, kulizanso.

Kusiyana kwake si kwamasewera. Pa ma Hilux ambiri a dizilo, ndondomeko yofewa imati oyilo asinthidwe pa makilomita 10,000, pomwe yovutikira imati 5,000. Ndipo pambali pa makilomitawo pamakhala miyezi, ndi mawu akuti mutsate chomwe chayamba kukwana. Apa ndi pomwe achikulire ambiri osunga galimoto m'garaja amagwa. Amati, "Iyi siyenda, chaka chonse sinakwanitse 4,000." Bambo, oyilo amakalamba ngakhale galimoto itaima, makamaka kuno kwa chinyontho komwe nthunzi imasanduka madzi mkati mwa injini yomwe siikutentha mokwanira.

Za mtundu wa oyilo sindichedwapo. Bukulo limalemba manambala ake, monga 15W-40 kapena 5W-30, ndipo amene ali ndi mapikapu atsopano okhala ndi DPF, sefa yogwira mwaye ku ekizozi, adziwe kuti amafuna oyilo wake wapadera wosasiya phulusa lambiri. Oyilo wopungulidwa m'diramu, wopanda dzina, wogulitsidwa m'botolo la madzi akumwa, ameneyo mukuthira mwa chikhulupiriro basi.

Tsopano madzi mu dizilo. Pa dashibodi pali kagetsi ka filter ya mafuta, ndipo ambiri kakayaka amangoti ndi mawaya, ena mpaka kumatapo tepi kuti kasawasokoneze maso. Kagetsi kameneko kamanena kuti pansi pa filter padikha madzi, kapena kuti filter yatsekeka. Bukulo limaonetsa ndi zithunzi zomwe: kumasula kapulagi ka pansi, kupopa kapampu ka pamwamba mpaka madzi atuluke, n'kumanganso. Ndi ntchito ya mphindi zochepa. Injini zakale zija za Toyota zotchedwa 3L ndi 5L zinkapirira, koma za D-4D ndi zinzake zonse za common rail zimapopa dizilo ndi mphamvu yoopsa, ndipo madzi akafika ku ma injector ndi ku pampu, mtengo wake mukaumva mudzakhala pansi. Amene munathirapo wa m'zigubu nthawi ya kusowa kwa mafuta, filter imeneyo musamadikire makilomita a m'buku kuti muisinthe.

Pomwe ndikufuna tikhalepo pang'ono ndi pa mabuleki, chifukwa ife tili ndi Chiweta. Aliyense amene anatsikapo phiri limenelo kupita ku Karonga anamvapo fungo la mabuleki opsa kuchokera ku galimoto ya kutsogolo. Buku limanena zinthu ziwiri zomwe zimagwirizana. Choyamba, potsika mtunda wautali lowetsani giya yotsika kuti injini izithandiza kugwira galimoto, osati kupondereza buleki njira yonse, ndipo kutsika pa free kuti musunge dizilo ndi kusewera ndi moyo wa anthu omwe akhala kumbuyo kuja. Chachiwiri, brake fluid amasinthidwa, kawirikawiri zaka ziwiri zilizonse kapena makilomita 40,000. Ife timangoonjezera akatsika, osakhetsa wakaleyo. Koma mafuta amenewa amayamwa chinyontho cha mumpweya. Brake fluid wa mtundu wa DOT 3 akakhala watsopano amawira pa madigiri 205, koma akamwa madzi amawira pa 140. DOT 4 amachoka pa 230 kufika pa 155. Ndiye taganizani pikapu yodzaza matumba a chimanga, mabuleki atentha kuyambira pamwamba pa phiri, mafuta a zaka zisanu ndi chimodzi awira m'mapaipi. Mukaponda, phazi limangolowa mpaka pansi, chifukwa mukupondereza nthunzi. Ma pad angakhale atsopano bwanji, pamenepo sathandiza. Ndipo galimoto ikazizira buleki imabwerera bwinobwino, n'chifukwa chake mwini wake amalumbira kuti mabuleki analibe vuto, mwina ndi zakumudzi. Za ku Gorodi, msewu wa makona aja wotsika kuchokera ku Livingstonia, sindinena n'komwe.

Kukwera nakonso kuli ndi malangizo ake. Kuchoka ku Nkhata Bay kufika ku Mzuzu ndi makilomita osakwana 50, koma mwakwera kuchoka m'mphepete mwa nyanja kufika pa mamita oposa 1,200. Turbo imakhala itatentha kwambiri. Mabuku a Hilux za turbo amati mukakwera phiri chotero, injini muisiye ilire mphindi imodzi kapena ziwiri musanazimitse, kuti oyilo apitirize kuzungulira ndi kuziziritsa. Ife timafika, kiyi thi, tatsika kale kukatsitsa usipa.

Pali chizolowezi china chomwe chimandinyansa, cha kuchotsa thermostat. Galimoto ikangotentha kamodzi, wina amati, "Bwana, ichi n'cha kumaiko ozizira, kuno sichifunika," n'kuchitaya. Choyamba, kodi Mzuzu ndi wotentha? Munthu amene amadutsa pa Chikangawa m'bandakucha wa mu Julaye, chifunga chili tolo, angandiuze zimenezo? Chachiwiri, thermostat ntchito yake ndi kuthandiza injini kufika msanga pa kutentha komwe inapangidwira ndi kukhala pomwepo. Ikachotsedwa, injini imayenda yozizira, imamwa dizilo wambiri, imachita mwaye, imadyeka msanga, ndipo chomwe chinatenthetsa galimoto poyamba chija, kaya ndi rediyeta yotsekeka, fani yofooka kapena water pump, chimakhala chikadalipo. M'buku mulibe paliponse pomwe akuti muichotse. Chomwe muli ndi mtundu wa coolant. Toyota amatchula wake wa pinki uja, woyamba kusinthidwa pa makilomita 160,000 kenako pa 80,000 aliwonse. Madzi a pa mpopi kapena a pa mjigo okha amadyetsa dzimbiri mkati, ndipo amawira msanga kuposa coolant.

Timing belt, lamba wogwirizanitsa kayendedwe ka mavalavu ndi mapisitoni, ndiye sachenjeza ndi phokoso. Pa injini za 1KD ndi 2KD, za Hilux ya 3.0 ndi 2.5 D-4D, lambayu amasinthidwa pa makilomita 150,000, ndipo kagetsi kolembedwa T-BELT kamayaka kukukumbutsani. Vuto ndi loti kagetsiko kamazimitsika ndi mabatani osasintha kanthu, ndiye wogulitsa wochenjera amangokazimitsa. Lamba akaduka injini ikuyenda, mapisitoni amakamenya mavalavu. Ma Hilux a injini za GD, omwe anayamba mu 2015, ali ndi tcheni m'malo mwa lamba. Mukaona m'buku mudziwa kuti yanu ili mbali iti.

Katundu: mapikapu ambiriwa anapangidwira pafupifupi tani imodzi, kuphatikizapo dalaivala ndi anthu okwera. Matumba 20 a makilogalamu 50 ndiye yakwana kale. Kuonjezera masipuling'i kumbuyo kumangobisa kulemerako, koma mabuleki, ma bearing ndi difu ndi zomwe zija. Mpweya wa matayala ulinso ndi manambala awiri, wopanda katundu ndi wodzaza, ndipo analembedwa pa kapepala komata pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala. Si zongomenya tayala ndi chibakera n'kumati lili bho.

Eni ma 4x4, Toyota amalangiza kuti muziyendako mu 4WD makilomita 16 mwezi uliwonse kuti za kutsogolo zizilandira oyilo. Ambiri timaikumbukira tsiku lomwe tatitimira, n'kupeza siikulowa. Koma muzichita zimenezi pa msewu wa dothi, chifukwa pa tala wouma 4H imakakamiza zitsulo ndi kudya matayala. Ndipo mukawoloka madzi akuya, propeller shaft imafuna girisi, oyilo wa mu difu naye ayang'anidwe ngati sanasanduke ngati mkaka.

Ndikudziwa zomwe mulembe m'munsimu. Wina ati buku lake ndi la Chijapani chifukwa galimoto inalowera pa Songwe kuchokera ku Dar es Salaam. Manambala ndi zithunzi sizifuna chilankhulo, foni yanu imatha kumasulira tsamba mukalijambula, ndipo mabuku ambiriwa a Chingerezi ali pa intaneti mukalemba mtundu wa galimoto, chaka ndi injini. Wina ati ndalama zavuta, sevisi ya pa 5,000 ndi ya mabwana. Zoona zinthu zakwera, sindikutsutsa. Koma funsani mtengo wa malita asanu ndi awiri a oyilo ndi filter, kenako mufunse wa turbo kapena wa ma injector anayi, muwerengere nokha.

Amakaniko athu a ku Luwinga ndi a m'makwalalamu sindikuwanyoza ayi. Alipo odziwa ntchito moti amamva vuto ndi khutu galimoto isanaime. Koma makaniko mmodzi amagwira mitundu yambirimbiri pa sabata, sangasunge pamtima manambala a iliyonse, ndipo wabwino sakwiya mukamutsegulira tsamba. Amene amakwiya ndi amene ndimamukayikira.

Kwa amene mwangogula pikapu yoyendapo kale, yopanda mbiri ya sevisi, musakhulupirire makilomita a pa dashibodi, amabwezedwa. Sinthani oyilo, ma filter onse, brake fluid, coolant, oyilo wa mu giyabokosi ndi mu difu, ndi lamba ngati ili ya lamba, mulembe tsiku ndi makilomita kumasamba a kumapeto kwa buku lomwelo, kuwerenga kuyambire pamenepo. COF ya ku Road Traffic siiona zimenezi.