Pemphero la ife amene tayima m'mphepete mwa Yordano

Abale ndi alongo, ngati moyo wanu ukusintha nyengo ino, kaya ndi ntchito yatsopano, kaya mwasamuka, kaya china chake chatha chomwe simunafune kuti chithe, bwerani tipemphere limodzi.

Atate wathu wakumwamba, tabwera kwa Inu mmene tililimu, mitima ili m'mwamba. Sitikubisirani ayi, tili ndi mantha. Zomwe tinazolowera zikuchoka m'manja mwathu, zakutsogolo sitikuziona bwino, usiku timangotembenuka pabedi kuwerengera za mawa mpaka kunja kuyera.

Inu ndinu amene munaitana Abramu ku Harana ali ndi zaka 75, msinkhu woti anthu akanamuuza kuti agogo khalani pansi mupume, koma munati tuluka upite kudziko limene ndidzakusonyeza. Simunamupatse mapu olo dzina la dzikolo, iye anangonyamuka. Ifeyo timafuna mutionetse kaye njira yonse mpaka kothera nde tinyamuke, tikhululukireni Ambuye.

Lero tayima pomwe anayima ana a Israeli atazungulira m'chipululu zaka 40. Mose amene ankamudalira wamwalira, mtsogoleri ndi watsopano, Yoswa, ndipo simunawafikitse pa Yordano nthawi yoti madzi achepa ayi, munawafikitsa nyengo yokolola mtsinje utasefukira mbali zonse. Ndipo madziwo sanayime iwo ali chiimire kumtunda kudikira, anayima pomwe mapazi a ansembe onyamula likasa la chipangano anaponda m'madzimo, mpamene anaunjikana kutali uko kumudzi wa Adamu anthu nkuwoloka pouma. Atate, ambirife tatha miyezi tili m'mphepete, tikupemphera kuti mtsinje uphwe kaye, pomwe Inu mukudikira phazi lathu. Tipatseni mtima woponda m'madzi akadali odzadza. Amene akuyenera kulemba kalata yofunsira ntchito ija alembe, amene akuyenera kupepesa apepese, amene akuyenera kutuluka pamalo pomwe pakumuwononga atuluke, Inu mutsogole ngati likasa lija.

Komanso pali china chimandikhudza kwambiri Ambuye. Atawoloka, atadya zokolola za m'dzikomo ku Giligala, mmawa mwake mana analeka kugwa. Ndimaganiza za mwana amene anabadwira m'chipululu, moyo wake onse akungodziwa kutola mana mmamawa, tsiku limenelo kutuluka panja kupeza pansi pali mbee, mwina anaganiza kuti Mulungu watitaya basi. Chonsecho simunawataye, munangosintha njira yowadyetsera. Nde tikupempherera aliyense amene mana ake aleka, amene ntchito yatha, amene bizinesi yagwa, amene munthu yemwe ankamuthandiza wachoka kapena watisiya. Mutsegule maso ake aone minda ya m'Kanani yomwe mwaika patsogolo pake, ndipo pamene sanaione, mumugwire dzanja asagwe mphwayi. Ozunzika ndi chisoni musawathamangitse, aloleni alire, Inunso Yesu munalira pamanda a Lazaro.

Tilanditseni ku mtima wocheuka. Pena zinthu zikavuta timayamba kusirira Aigupto ngati kunali kwabwino, kuiwala zikwapu ndi njerwa zija, timafuna kubwerera ku chibwenzi chomwe chinkatilekanitsa ndi Inu, ku anzathu akale, ku chizolowezi chomwe munatimasula ndi dzanja lanu lamphamvu. Musatilole Ambuye, olo titalira bwanji musatilole.

Tikukumbukiranso m'bale ndi mlongo amene akufuna kuyambiranso nanu koma manyazi amugwira, akuti ndinagwa kwambiri, kutchalitchi andiona bwanji. Petro anakukanani katatu usiku umodzi, koma m'mbali mwa nyanja ya Tiberiya munamufunsa katatu ngati amakukondani nkumupatsanso nkhosa zanu kuti adyetse. Simunamuwerengere zakale. Chitaninso chimodzimodzi kwa ameneyu, ndipo ife a mumpingo mutiphunzitse kulandira obwerera opanda kuwaloza zala.

Tikawoloka, tisakhale anthu oiwala. Yoswa anatenga miyala 12 pakati pa mtsinje nkuiimika kuti ana akadzafunsa adzauzidwe zomwe munachita, ifenso tidzakhale ndi chowauza ana athu za nyengo inoyi, kuti panali povuta koma Yehova anatiwolotsa.

Anthu asintha, malo asintha, matupi athuwa nawonso akusintha, koma Inu Yesu muli yemweyo dzulo, lero ndi kunthawi zonse, ndipo chifundo chanu chimaoneka chatsopano mmawa uliwonse. Usiku uno tipatseni tulo tabwino, mawa kukacha tidzuke tiponde m'madzimo tikudziwa kuti mwatsogola kale.

Tapempha izi m'dzina la Yesu Khristu Ambuye ndi Mpulumutsi wathu. Ameni.