Sayansi ya m'kope yatikwana

Ndakwiya, ndipo ndikupempha aphunzitsi a sayansi amene ali pano kuti awerenge mpaka kumapeto asanayambe kundiyankha. Mwana wa mlongo wanga ali Fomu 4 pa sukulu ina ya sekondale yoyendera, ndipo pamudzi ponse amamutama kuti ndi katswiri wa Physics chifukwa teremu iliyonse amabwera ndi malikisi apamwamba. Loweruka lapitali magetsi atathima, ndinamupatsa mabatire awiri a tochi, kababu kakang'ono ndi tizidutswa tiwiri ta waya, n'kumuuza kuti ayatse kababuko. Mnyamatayo anatembenuza mabatire aja uku ndi uku, anagunditsa waya mmodzi kumutu kwa batire n'kusiya winayo akulendewera, kenaka anandiyang'ana mwamanyazi n'kunena kuti, “Pepani malume, zimenezi sitinapangepo, tinangolemba m'manotsi.” Ndinamuuza kuti abweretse kope lakelo. M'kopemo munali chithunzi cha seketi chojambulidwa mwaukhondo ndi rula, batire pamalo pake, babu pamalo pake, swichi pamalo pake, ndipo mmunsi mwake munali V = IR yodulidwa mzere wofiira. Aphunzitsi anachongapo n'kulemba kuti wachita bwino kwambiri. Wachita bwino chiyani, pamene kababu ka tochi kamukanika?

Mfundo yanga ndi imodzi yokha, ndipo ndiibwereza mpaka itakukwanani: mwana amene sanagwire chinthu ndi manja ake, sanachiyese yekha, sanachione chikukanika n'kufufuza chifukwa chake, ameneyo sanaphunzire sayansi. Waphunzira kukopera. Tonse amene tinadutsa m'makalasi amenewa tikudziwa mmene phunziro limayendera. Mphunzitsi amalowa ndi kope lake lakale la masamba ofiira, lomwe mwina nayenso anakopera kwa mphunzitsi wake, amalipereka kwa mwana wolemba bwino kuti akopere pabolodi, ndipo ana onse amawerama n'kumalemba mpaka belu kulira. Akabwera kudzafotokoza, amawerenga zomwe zili pabolodipo mokweza mawu, n'kufunsa ngati alipo ali ndi funso. Kalasi yonse imangoti zii. Mwana angafunse chiyani pa chinthu chimene sanachionepo? Akuluakulu anati kandimverere anakanena zam'maluwa. Ana athu tawasandutsa akandimverere wa sayansi: amva kwa mphunzitsi amene anamva kwa buku, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe mwa iwo amene anapita kukaona yekha.

Ndikudziwa kale mayankho amene mwakonza, oti makalasi ndi odzaza, masukulu ambiri oyendera alibe labotale, silabasi ndi yaitali ndipo malipiro ndi ochepa. Zonsezo ndazimva ndipo sindikuzitsutsa.

Koma mundiuze, kodi batire ya tochi imafuna labotale? Kodi msomali, waya wa kopa wochotsa m'wailesi yakufa ndi batire imodzi, zimene zimapanga maginito otola mapini pamaso pa mwana, zimafuna thandizo lochokera kunja? Mutu wa ma asidi ndi ma besi ana amauloweza ngati nyimbo, osadziwa kuti amayi awo amauchita tsiku lililonse kukhitchini. Chidulo chimene amachezera paphulusa kuti aphikire therere ndi besi, soda amene amagula pagolosale ndi besi, madzi a mandimu ndi a bwemba ndi asidi. Wiritsani chidede, tsanulirani madzi ake ofiirawo m'makapu atatu, thirani mandimu m'kapu imodzi ndi chidulo m'kapu ina, yachitatu muisiye choncho. Ya mandimu idzawala kufiira, ya chidulo idzasintha n'kuda mobiriwira, ndipo mwana amene waona zimenezi ndi maso ake sadzafunanso kuloweza tanthauzo la indiketa, chinthu chosintha mtundu chikakumana ndi asidi kapena besi, chifukwa adzakhala atalipanga yekha ndi ndiwo za kwawo. Dontho limodzi la ayodini pa chinangwa chodula limada bii ngati inki, pamene pa shuga silisintha, ndipo phunziro lonse la sitachi latha pomwepo. Mangani mwala ku chingwe chotalika mita imodzi, muupachike panthambi ya mtengo wa mango umene uli pabwalo la sukulu, ana awerenge ndi wotchi ya pafoni. Adzapeza kuti kupita ndi kubwerera kumatenga pafupifupi masekondi awiri, ndipo akasintha mwalawo n'kuika wolemera kwambiri adzadabwa kuona kuti nthawi sinasinthe, koma akafupikitsa chingwe yasintha. Kudabwa kumeneko ndiko kumene tikuwamana ana athu. Ngakhale mutu wa kutcheza madzi, umene umajambulidwa pabolodi ndi zida za galasi zimene mwana sadzaziona, uli m'mudzi momwemo. Sindikunena kuti titengere ana kumowa, koma palibe mwana wa kumudzi amene sadziwa mtsuko, paipi ndi mwadiya wa madzi ozizira zimene otcheza kachasu amagwiritsa ntchito, ndipo mphunzitsi wochenjera akhoza kuyambira pomwepo n'kutcheza madzi amchere ndi ketulo.

Chimene chikundipweteka kwambiri n'chakuti zimenezi si zachilendo kwa aphunzitsi athu. Mu 2004, Unduna wa Zamaphunziro mothandizana ndi bungwe la ku Japan la JICA unayambitsa ndondomeko ya SMASSE yolimbikitsa kaphunzitsidwe ka masamu ndi sayansi m'masekondale, imene inayambira ku Kenya mu 1998, ndipo aphunzitsi a masamu ndi sayansi akhala akusonkhana patchuthi kukaphunzira njira zophunzitsira. Uthenga wa maphunziro amenewa ndi womwewu: mwana achite ntchito, mwana akhale patsogolo, phunziro likhale ndi choyesa, ndipo chida chikasowa mphunzitsi apange china ndi zomwe zilipo. Mawu oti TALULAR, okamba za kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pamalopo, palibe mphunzitsi wodutsa ku koleji m'dziko muno amene sawadziwa. Amawalemba pamayeso awo a uphunzitsi ndipo amakhoza. Kenaka amabwerera kusukulu n'kupereka kope lija kwa mwana wolemba bwino. Ndiye kuti njira yophunzitsira ndi manja nayonso anaiphunzira mokopera manotsi, n'kuitsekera m'kope. Pali aphunzitsi ena, ndipo ndimawavulira chipewa, amene amafika m'kalasi atanyamula jumbo la mabotolo, misomali ndi mphira za njinga, ana n'kumawathamangira. Amenewo alipo m'masukulu osauka omwewo, pa malipiro omwewo, ndipo kupezeka kwawo ndiko kumene kukuchotsa chowiringula cha enawo.

Wina anena kuti awa ndi maganizo a munthu wokwiya chabe. Mu 2014, Scott Freeman ndi anzake ku United States anasonkhanitsa kafukufuku 225 wa m'makalasi a sayansi, masamu ndi uinjiniya a m'mayunivesite, n'kuyerekeza makalasi amene mphunzitsi amangoyankhula yekha ndi makalasi amene ophunzira amachita ntchito, kukambirana ndi kuyesa. Kumene mphunzitsi amangoyankhula, ophunzira pafupifupi 34 pa 100 aliwonse ankalephera, pamene kumene ophunzira ankachita nawo, olephera anali pafupifupi 22 pa 100. Amenewotu ndi ophunzira akuluakulu, a m'dziko lolemera, okhala ndi mabuku, magetsi ndi intaneti, ophunzira m'chiyankhulo chawo chomwe. Ngati kungomvetsera kumagwetsa oterowo, nanga mwana wa Fomu 1 amene wangochoka kupulaimale, amene Chingerezi chikumuvutabe, ndipo chinthu chimene akuuzidwacho sanachionepo chibadwire? Iyeyu timamusenzetsa akatundu awiri nthawi imodzi, chiyankhulo ndi sayansi, pamene chinthu chogwirika chikanamutula mmodzi.

Mapeto ake amaonekera pa mayeso a MSCE. MANEB imayesa ana pulakitiko m'maphunziro a Biology, Physics ndi Chemistry, ndipo imachita bwino kutero. Koma taonani zimene zimachitika mayeso akayandikira. Sukulu imathamanga kukabwereka zida ku sukulu yoyandikana nayo, ana ambirimbiri amaunjikana patebulo limodzi, anyamata awiri olimba mtima amagwira zidazo, ndipo ena onse, makamaka atsikana, amaima kumbuyo n'kumasuzumira pamapewa pa anzawo. Chimenecho ndicho chimatchedwa kukonzekera pulakitiko. Tsiku la mayeso mwana amapatsidwa burette, chida chimene chimafuna kuti dzanja lizolowere kutsegula kampopi kake pang'onopang'ono mpaka madzi azigwa dontho limodzilimodzi, diso likhale molingana ndi mzere powerenga, ndipo aime pa dontho lenileni limene mtundu wasinthira. Dzanja likunjenjemera, amatsegula kwambiri, asidi amakhuthukira m'botolo, mtundu umasintha iye asanaone, ndipo amalemba nambala imene anailoweza kuti ndiyo imayenera kutuluka. Luso limenelo silikhala m'mutu ayi, limakhala m'zala, ndipo zala siziphunzira sabata imodzi. Zotsatira zikatuluka timayamba kunena kuti ana a masiku ano ndi aulesi, kapena kuti sayansi ndi yovuta, kapena bodza lalikulu lija loti atsikana mutu wawo si wa Physics. Mtsikana amene mwamuimika kumbuyo zaka zinayi, osamulola kugwira ngakhale thermometer, mukufuna akhoze bwanji?

Ku maphunziro a luso lamanja ndiye zimachititsa manyazi kwambiri. Mwana amaphunzira za kompyuta pojambula kiyibodi m'kope n'kulemba maina a mabatani ake. Wina amaloweza mitundu ya mfundo zolumikizira matabwa asanagwirepo sowo kapena tchizulo. Wina amalemba masitepe onse a kafesedwe ka mbewu panazale, dimba la sukulu litamera tchire kuseri kwa kalasi. Pitani m'magalaja a ku Biwi mu Lilongwe kapena kwa owotcherera zitsulo a ku Ndirande, mukaone mnyamata amene anasiyira sukulu Sitandade 8. Bwana wake samupatsa manotsi. Amamupatsa sipanala, amamusiya alakwitse, amamukalipira, amamuuza abwereze, ndipo pakapita nthawi mnyamatayo amadziwa vuto la injini pongomva kulira kwake. Sindikunena kuti mabuku ndi opanda ntchito, chifukwa mnyamata yemweyo akanadziwa masamu a zimene akuchitazo akanafika patali kwambiri. Ndikunena kuti sukulu ili ndi mabuku ndipo ikanatha kukhala ndi zonse ziwiri, koma yasankha chosavutacho. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu timamutchula m'misonkhano monyadira, koma timaiwala mmene anaphunzirira. Atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi nthawi ya njala ya 2002, anatenga buku ku laibulale, anayang'ana zithunzi zake, n'kupita kukatola zitsulo zotayidwa, mbali za njinga ndi mitengo ya bulugama mpaka makina ake a mphepo anayatsa babu. Buku analiwerenga, inde, koma sanathere pomwepo. Funso limene limandisowetsa mtendere ndi lakuti, akanakhala kuti fizi inapezeka n'kukhala m'kalasi ya manotsi mpaka Fomu 4, kodi makina amenewo akanawapanga?

Tili ndi MUST ku Thyolo, tili ndi MUBAS ku Blantyre, tili ndi makoleji a ntchito zamanja monga Soche, Nasawa ndi Namitete, tili ndi TEVETA imene yakhalapo kuyambira 1999, ndipo masomphenya a Malawi 2063 akukamba za dziko la mafakitale. Onsewa amalandira ana ochokera m'makalasi omwe aja. Mmera m'poyamba. Simungaphunzitse mwana kwa zaka zinayi kuti sayansi ndi kukopera ndi kuloweza, n'kuyembekeza kuti akafika ku MUST ku Ndata asanduke wopanga makina. Adzaloweza komwekonso, adzalandira digiri, ndipo pampu ya pamjigo ikawonongeka tidzaitana munthu wa kumsika amene sanafike sekondale.

Ndipo pamene ndayamba kale kuyankhula, ndinene za masukulu amene zida ali nazo, chifukwa amenewo ndiye amandikwiyitsa koposa. Alipo masukulu amene analandira maikulosikopu, magalasi oyesera ndi mamita a magetsi, koma zonsezo zili m'makatoni momwe zinabwerera, m'chipinda chokiya, kiyi ali m'thumba mwa munthu mmodzi amene akuopa kuti ana aswa ndipo iye adzafunsidwa. Zimatulutsidwa tsiku limene kwabwera alendo oyendera sukulu, zimapukutidwa fumbi, zimayalidwa patebulo, ana awiri ovala yunifolomu yatsopano amaimikidwa pambali pake kuti ajambulidwe, ndipo galimoto ya alendo ikangotuluka pageti zimabwerera m'makatoni. Mankhwala amatha mphamvu ali m'mabotolo osatsegula, ndipo kwina chipinda cha labotale chasanduka mosungira matumba a chimanga ndi madesiki othyoka. Kodi galasi limene lasweka m'manja mwa mwana akuphunzira ndi limene lakhala m'katoni zaka khumi, latayika ndi liti? Makolo tinkalipira ndalama za chitukuko teremu iliyonse, ndipo pamsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi ukubwerawu ine ndikafunsa kuti kiyi ameneyo akusunga ndani.