Malabala a pinki ndi a buluu sakupita kulikonse, akuluakulu

Akuluakulu ena amene timasewera nawo table tennis kuno ku Kasungu akuti malabala a pinki, a buluu, obiriwira ndi a pepo amene ayamba kuoneka pa mabati ndi zachibwana, fashoni yongodutsa, ndipo posachedwa tonse tibwerera ku chofiira ndi chakuda. Ndimawalemekeza, ena mwa iwo ndi amene anandiphunzitsa kagwiridwe ka bati. Koma apa ndiye ndakana.

Tiyambe ndi kumene chofiira ndi chakudacho chinachokera, chifukwa ena amachitenga ngati chinabadwa limodzi ndi masewerawa. Ayi ndithu. Kale munthu ankaloledwa kumata malabala a mtundu umodzi mbali zonse ziwiri za bati. Ochenjera anapezerapo mpata: mbali ina labala yogwira mpira kwambiri, mbali inayo yoterera kapena ya timinga titalitali, koma zonse zooneka chimodzimodzi. Munthu ankangotembenuza bati m'manja pansi pa tebulo, mnzake osadziwa kuti mpira ukubwerawo ukuzungulira kapena wafa. Ukauponyera mu neti, oonera ankangoti ndiwe mbuli, pomwe wapusitsidwa ndi chinthu chimene sukanatha kuchiona. Bungwe loyendetsa masewerawa padziko lonse la ITTF linalamula mu 1983 kuti mbali ziwirizo zizisiyana mtundu, ndipo mu 1986 linamangitsa lamulolo kuti ikhale yofiira ndi yakuda basi. Chofiira sichinasankhidwe chifukwa cha kukongola. Ankafuna kuti wopikisana nawe azidziwa mbali imene wamenyera.

Ndiye taonani lamulo latsopanoli, limene linayamba kugwira ntchito pa 1 October 2021, masewera a Olympics a ku Tokyo atangotha. Mbali imodzi ikhalabe yakuda, pamenepo palibe kukambirana. Mbali inayo ndi imene yamasulidwa: yofiira, ya pinki, ya buluu, yobiriwira kapena ya pepo. Yoyera ndi ya olenji mulibemo, poti imeneyo ndi mitundu ya mpira. Cholinga cha 1986 chija chilipobe chonse, palibe amene angasokoneze pinki ndi chakuda. Nanga ITTF ingabwezerenji lamulo limene silikupweteka munthu?

Masewerawa anasinthapo zinthu zopweteka zenizeni ndipo sanabwerere m'mbuyo. Mu 2000 mpira anaukulitsa kuchoka pa mamilimita 38 kufika pa 40. Mu 2001 gemu inachoka pa mapointi 21 kufika pa 11, ndipo mpaka lero alipo madala amene akuwerengabe mpaka 21 akamasewera okhaokha, zawo zimenezo. Mu 2014 kunabwera mpira wa pulasitiki m'malo mwa wakale uja. Zonsezi zinali zokakamiza. Za mitunduzi palibe akukukakamiza, ukafuna chofiira chako chilipo.

Pamene akuluakuluwa akunena zoona ndi apa: mukaonera mipikisano ikuluikulu pa foni, pafupifupi aliyense akugwirabe chofiira ndi chakuda. Akatswiri a ku China ngati Ma Long anamanga mbiri yawo ndi labala yakuda ya Hurricane 3 ku forehand (mbali ya chikhatho) ndi yofiira ku backhand (mbali ya kuseri kwa dzanja). Amene amadziwika ndi pinki ndi Bernadette Szőcs wa ku Romania, ndipo anzake otero ndi owerengeka. Koma izi sizikundidabwitsa. Munthu amene amadyera bati sasintha chida chimene dzanja lake linachizolowera kuyambira ali mwana chifukwa choti kwabwera mtundu wokongola. Amene adzasankhe mitundu ndi ana amene akuyamba lero. Kumbukirani nsapato za mpira wamiyendo: kale zinali zakuda zokhazokha, ndipo woyamba kuvala zoyera pabwalo ankatchedwa wamatama. Lero pitani pa Kasungu Stadium muwerenge ovala zakuda.

Palinso nkhani yoti mtundu umasintha kaseweredwe ka labala, kuti yakuda imagwira mpira kuposa zinazo chifukwa cha utoto umene amasakanizamo. Osewera ambiri amakhulupirira zimenezi, ndipo mwina kwa munthu amene amamata labala yatsopano mpikisano uliwonse kusiyanako kumamveka m'dzanja. Koma ife a kuno, tinene chilungamo. Tengani bati yanu muiyang'ane padzuwa. Pakati penipeni, pamene mpira umagunda kawirikawiri, payera mbuu ndipo pakunyezimira. M'mphepete mwanyotsoka chifukwa chogunda tebulo. Mukakhudza mpira pamenepo umangotsetsereka osagwira. Timapumirapo mpweya, kupukuta ndi chikhatho, kenako pa kabudula, n'kumapitiriza. Fumbi la October likalowa mu holo, ngakhale labala yabwino imafa msanga, makamaka ngati bati imagona pawindo popanda chikwama. Labala yotere, ikhale yofiira kapena ya pepo, sipini yake, kuzungulitsa mpira kuja, ndi imodzimodzi: palibe.

Ndipo kuno mtundu sitisankha kwenikweni. Labala yabwino timachita kutumiza kwa m'bale amene akuchokera ku Johannesburg kapena woitanitsa katundu ku China, ndiye ndi mmene ndalama zakunja zikuvutiramu, chimene chafika ndi chomwecho. Munthu wadikira miyezi, phukusi lafika, mkati muli yobiriwira chifukwa yofiira inatha kapena yobiriwirayo inali yotsika mtengo. Abweza? Amata, Loweruka ali patebulo. Mitunduyi ilowa m'dziko muno kudzera khomo limeneli, komanso kudzera m'mabati omatiratu amene amagulitsidwa awiriawiri ndi timipira titatu. Opanga mabati amenewo amadziwa kuti kholo likamagulira mwana, mwanayo amaloza chowala.

Chimenechi sindikuchiona ngati chopepuka. Kumene timaphunzitsa ana mabati ndi ochepa, amachita kulandizana. Tsiku lina kunabwera bati imodzi ya buluu, yotchipa ndithu, yosaposa zinzake pa chilichonse. Ana anayamba kuilimbirana, mpaka tinaika lamulo loti woigwira ndi amene wapambana gemu yapitayo. Kamtsikana kena kamene kankangokhala pabenchi n'kumatolera anzake mipira kanayamba kupempha kuti tikaonetse kaseveredwe, kaponyedwe ka mpira woyamba, kakufuna kuigwirako buluuyo. Table tennis kwathu kuno ikulimbana ndi mpira wamiyendo, netiboli ndi pool ya pa grocery. Ngati utoto ukukokera mwana kutebulo, ine ndilibe nawo mlandu utotowo.

Chimene ndingachenjeze ndi chimodzi, makamaka kwa aphunzitsi a masewera amene amagulira sukulu zipangizo. Si bati iliyonse yowala imene ili yololedwa. Pamsika pamapezeka zina zokhala ndi buluu mbali zonse, kapena pinki ndi chobiriwira popanda chakuda. Zimenezo n'zosewerera pakhonde, ku mpikisano woimbira akhoza kuzikana. Onetsetsani kuti mbali imodzi ndi yakuda, ndipo m'munsi mwa labala, pafupi ndi chogwirira, pali dzina la kampani ndi chizindikiro cha ITTF. Zimawawa kukwera minibasi ndi ana mpaka ku Lilongwe, mwana n'kukauzidwa patebulo kuti abwereke bati ya mnzake imene sanaigwirepo.

Kuona kwanga, chofiira chikhalabe chochuluka kwa zaka zambiri, makamaka pamwamba. Mwa mitundu inayi yatsopanoyi, mwina umodzi kapena iwiri makampani adzaichepetsa ikapanda malonda, ndipo ndikadati ndibetche ndikanati pepo ndiye adzayambe kusowa. Koma buluu ndi pinki zakhazikika. Akuluakulu amene mukutsutsa, bwerani Loweruka ndi chofiira chanucho, ana a buluu aja akukudikirani, ndipo tiwerenga mpaka 11, osati 21.