Wofera dziko kapena chigawenga, amatchula dzinali ndani?

Dzulo pa Lizulu ndikugula kabichi ndi kachewere, mayi wina anandibwezera ka K50 kothaitha. Ndinafunsa mnyamata amene anandinyamulira thumba kuti munthu ali pandalamapo ndani. Anati, "Mfumu inayake, bwana." Mfumu inayake! Pomwe likulu la ufumu wake lili pompano pa Lizulu.

Ameneyo ndi Inkosi Philip Gomani II. Mu 1953 anauza anthu ake kuti akane chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Atsamunda anamuvula ufumu, iye n'kuolokera ku Mozambique pamodzi ndi m'busa Michael Scott, Apwitikizi anamubweza, ndipo anamwalira mu 1954. Bambo ake, Gomani Chikuse, anaphedwa ndi asilikali a Angerezi mu 1896 kuno ku Ntcheu. Kwa boma la nthawi imeneyo, onsewa anali osokoneza. Lero mwanayo tikumuyendetsa m'matumba. Chilembwe nayenso mu 1915 anali woukira, lero ali pa K500 ndi K2000, ali ndi tsiku lakelake pa 15 Januwale.

Maganizo anga ndi akuti dzina loti wofera dziko amagawa ndi amene wagwira wailesi nthawi imeneyo. Malemu sayankha.

Achikulire mukukumbukira 3 Malichi nthawi ya Kamuzu. Kumunda osapita, mowa osamwa, MBC tsiku lonse nyimbo zachisoni, kukumbukira anthu amene anawomberedwa ku Nkhata Bay mu 1959. Chabwino, anayeneradi. Koma wailesi yomweyo inkatchula Chipembere ndi Yatuta Chisiza kuti zigawenga. Ndipo mu Meyi 1983, a Matenje, a Gadama, a Sangala ndi a Chiwanga atafa ku Mwanza, tinauzidwa kuti ndi ngozi ya galimoto. Panadutsa zaka zoposa khumi kuti bungwe lofufuza la a Mtegha linene poyera kuti anachita kuphedwa. Zaka zonsezo abale awo ankalira chamumtima, pomwe dziko linkalira mokakamizidwa anthu amene boma linasankha.

Matipate anabwera, khalidwe silinasinthe, kungoti mawailesi achuluka. Anthu 20 amene anafa pa zionetsero za 20 Julaye 2011, andale ankapita pamanda awo ndi nkhata ndi makamera pamene zinkawapindulira. Funsani lero mayina atatu okha. Ife a ku Ntcheu tazionanso chichitikireni ngozi ya ndege ya pa 10 Juni 2024 imene inapha a Saulos Chilima: msewu wa ku Nsipe, kumene anaikidwa, umadziwa bwino nyengo ya kampeni. Sindikunena kuti aliyense wopita kumeneko ndi wachinyengo, ayi, ambiri amalira zenizeni. Koma maliro ena amafika atavala nsalu ya chipani.

Wina andiuza kuti ndiye kuti chigawenga chilichonse mawa chidzakhala ngwazi. Apo ndiye ndikana. Ku Cabo Delgado, m'dziko la anansi athu omwe timagulitsana nawo tomato tsidya la msewu, anyamata akhala akupha alimi ndi asodzi kuyambira 2017, ndipo akafa anzawo amawatama kuti afera chipembedzo. Anthu a ku Nkhata Bay anapita padoko manja ali zii, kukafuna abale awo amene anatsekeredwa m'sitima ya Mpasa. Iwo anafa, sanaphe. Wotentha mudzi wa amayi ndi ana, ngakhale adzipatse dzina lokoma bwanji pa Facebook, ndi wakupha basi. Nkhani ya Chilembwe ndiyo imandivuta pang'ono, poti ku Magomero kunakhetsedwa magazi, ndipo sindibisa kuti pamenepo ndimakanda mutu.

Chimene chimandinyansa kwa atolankhani n'choti wakupha amamudziwa dzina, nkhope ndi mudzi, koma ophedwa amangoti "anthu khumi ndi awiri".

Mnyamata uja ndinamupatsa ka K50 komweko powonjezera pa malipiro ake, ndikumuuza dzina la mwini nkhope. Anaseka, nati masiku ano sikagula ngakhale chitumbuwa.