Liwiro lako silikoka munthu

Loweruka lapitali titamaliza kuthamanga, tili khale pakhonde la sitolo ina pa Kamuzu Road kuno ku Salima thukuta lili kamukamu, mphwanga wina wa m'gulu lathu anandifunsa kuti, "Achimwene, titani kuti anthu atidziwe, gululi likule? Tisindikize ma T-shirt? Kapena tilipire Facebook itiulutse?" Ndinangomuyankha ndi mutu chifukwa befu anali asanathe. Ndiye ndati ndimuyankhire pano, mwina enanso a ku Nkhotakota kapena ku Chipoka amene akuvutika kusonkhanitsa anthu atolapo kanthu.

Ine sindinayambe kuthamanga chifukwa chokonda ayi. Anandiyeza kuchipatala n'kundiuza kuti BP yakwera. Magazi akuthamanga, mwini wakene ndili phee pampando. Ndinagula nsapato pa kaunjika n'kuyamba. Miyendo itazolowera ndinaika pafoni Strava, pulogalamu yoyeza mtunda ndi nthawi imene wathamanga, ndipo tsiku lililonse ndikangofika pakhomo, ndisanasambe n'komwe, ndinkaponya chithunzi: makilomita 10, mphindi 52. Mawa lake mphindi 51. Ndinachita zimenezi pafupifupi chaka chathunthu. Ma like ankabwera ndithu, koma ochokera kwa anzanga a ku Lilongwe ndi ku Joni amene amathamanga kale. Wa kuno ku Salima amene anaona manambalawo n'kudzuka m'mawa kudzandipeza, panalibe ndi mmodzi yemwe.

Lero ndimamvetsa. Bambo wa zaka 45, mimba ili kutsogolo, amene anathamanga komaliza ali ku pulayimale, akaona mphindi 52 zija sanena kuti nanenso ndiyese. Amati izi n'za asilikali a ku MAFCO, n'kupitiriza kumwa tiyi wake. Ndinkayesa ndikuitana anthu, osadziwa kuti ndikuwaopseza.

Woyamba kubwera sanandione pafoni. Anali mayi wina wokazinga mandasi m'mbali mwa msewu, amene amakoleza moto kusanache. Tsiku lina anandiimitsa, chipande chili m'manja. "Bambo, inu mumadutsa pano ngati wotchi. Kodi ife onenepafe tingathe?" Ndinati tayesani. Lachinayi lake anasiyira mwana wawo chiwaya n'kubwera, chitenje pamwamba pa thalauzi, kuphazi masilipasi. Tinkawerenga mapolo a magetsi: awiri kuthamanga, awiri kuyenda. Pofika polo ya khumi anagwira m'chiuno n'kunena kuti mtima ukutulukira pakamwa. Sabata yotsatira anabwera ndi alamu awo. Mwezi usanathe theka la banki m'khonde yawo linali pamsewu. Amayi amenewa anachita m'masabata anayi zimene bandulo yanga inalephera chaka chonse.

Taonani chimene anandiyamikira. Sanati mumathamanga kwambiri. Anati mumadutsa ngati wotchi. Munthu amadzuka 5 koloko m'mawa pokhapokha akudziwa kuti akakupeza, malo omwewo, nthawi yomweyo, kaya mwera wa mu Julaye ukuwomba kaya mvula yagwa usiku. Ukangojomba kawiri osanena, wabwera kamodzi uja sabweranso, ndipo akauza anzake kuti anthu aja n'ngamasewera.

Si ife tokha tinaona zimenezi. Parkrun, imene lero ili m'maiko ambiri kuphatikizapo South Africa, inayamba mu 2004 ku Bushy Park mu London ndi anthu 13 okha. Makilomita 5, Loweruka lililonse m'mawa, ulere, ndipo woyenda pansi amalandiridwa chimodzimodzi ndi wothamanga. Amaikanso munthu woyenda kumbuyo kwenikweni kuti pasapezeke wobwera amene wakhala womaliza. Ife tinangotengera zomwezo, timamutcha mbusa. Sabata iliyonse mmodzi mwa aliwiro amasiya liwiro lake n'kuyenda ndi wotsalira mpaka kumapeto.

Ndisaname, lamulo limeneli linatidyera anthu. Anyamata awiri amphamvu kwambiri anachoka, akuti tikuwachedwetsa, iwo akukonzekera mpikisano wa Be More Race wa ku Lilongwe. Sindiwada, ali ndi mfundo. Wofuna kumaliza makilomita 21 mu nthawi yabwino sangamawerenge mapolo a magetsi. Eliud Kipchoge, katswiri wa ku Kenya, sanathamange makilomita 42 mosakwana maola awiri ku Vienna mu 2019 chifukwa chodikira amayi a mandasi. Koma funso la mphwanga silinali loti tipambane bwanji mpikisano, linali loti tichuluke bwanji. Aliwiro m'tauni muno mungawawerenge ndi zala. Ambiri ndi awo a shuga, a BP, okhala pa desiki tsiku lonse, ochita manyazi. A WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati munthu wamkulu azigwedeza thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata. Kuyenda ndawala mphindi 50 katatu, zakwana. Uthenga umenewo ndi umene umadzutsa munthu.

Kodi ndiye tisiye kulemba pa Facebook? Ayi, koma tizilemba zimene munthu amachita manyazi kufunsa. Chimene anthu anayankhapo kwambiri pa zonse ndinalembapo sichinali cha liwiro. Chinali cha ntchafu kukhulana mpaka kusupuka m'nyengo yotentha ya Okutobala, n'kunena poyera kuti pakani Vaseline musananyamuke. Anthu anaseka, kenako inbox inadzaza. China chinali cha nsapato: pa kaunjika pitani madzulo phazi litafufuma, ndipo siyani mpata wa chala chimodzi kutsogolo, apo ayi chikhadabo chida n'kuthothoka. China cha agalu a m'njira ya kuseri kwa msika. Chinanso cha akabaza, amene sadutsa osakuponyera mawu: "Kwerani bwana, mukafika msanga!" Masiku oyamba zinkandiwawa. Pano ndimangoti kuthamanga si kufika, n'kuseka nawo. Ndipo lembani m'Chichewa, abale. Za "pace" ndi "splits" zisiyireni a ku Area 47.

Pali cholakwa chimodzi chimene ndinachita, mpaka lero chimandiluma. Ndinajambula gulu titamaliza n'kuponya osafunsa aliyense. M'chithunzimo munali mayi wina atavula chitenje chifukwa cha kutentha, ali ndi thalauzi yothina yamasewera. Kusanade chithunzi chinali chitafika kwa apongozi awo kumudzi. Sanabwerenso. Ndinapita kukapepesa, anandilandira bwino, anandipatsa mpando ndi madzi akumwa, koma pamsewu sanabwerere. Chithunzi chimenecho chinapeza ma like ochuluka kuposa china chilichonse. Kuyambira pamenepo sitijambula popanda kufunsa, ndipo wokana sitimufunsa chifukwa. Tinasunthanso nthawi kuchoka hafu pasiti folo kufika 5 koloko, amayi atadandaula za mdima wa m'njira zochokera kumakomo kwawo. Ine za mdimawo sindinkaziganizira n'komwe, poti ndine mwamuna.

Ma T-shirt tidzasindikiza mphwanga, usadandaule, ndalama zikapezeka. Koma uyambe wandiuza dzina la bambo uja anabwera Lachinayi atavala jombo za kuntchito, amene anatsalira pa mlatho. Ngati sukulidziwa, kafunse, ndipo umuimbire Lolemba madzulo.

Loto la amayi a mandasi aja n'loti tsiku lina tidzachoke pa Kamuzu Road mpaka ku Senga Bay, makilomita pafupifupi 20, tikalowe m'nyanja ndi zovala zomwe. Akuti mu Juni kukazizira. Pakali pano afika makilomita 8 osaima. Lachiwiri tikumana malo omwe aja, 5 koloko. Mbusa sabata ino ndine, ndiye bwerani ngakhale ndi masilipasi.