Lekani kumwaza zithunzi za asilikali ophedwa ku nkhondo

Ana inu, wakutsina khutu ndi mnansi. Pali khalidwe limene mafoniwa atibweretsera, ndipo ine nkhalamba landilaka kulipenya ndili chete.

Mu Januwale 2025, zigawenga za M23 zikulowa mumzinda wa Goma kum'mawa kwa Congo, Malawi anataya asilikali atatu amene anali m'gulu lankhondo la SADC. South Africa inataya 14. Masiku amenewo foni yanga sinkapuma. Zithunzi za mitembo yovala yunifomu, mavidiyo a anyamata atagona m'matope, zonse zikungogwa m'magulu a WhatsApp, ngakhale m'gulu la kumpingo limene tinatsegulira kukumbutsana za mapemphero. Wotumizayo sakudziwa n'komwe kuti mtembowo ndi wa yani, anajambula ndani, tsiku liti. Wangolemba kuti "zavuta ku Congo" n'kudina.

Kufupi ndi kwathu kuli mayi wina amene mwana wake anali komweko. Ndinawapeza atakhala pakhonde, nsima itazizira m'mbale, foni ili m'manja. Ankakulitsa chithunzi cha mtembo ndi zala ziwiri, akufunafuna chipsera chimene mwana wawo anapsa ndi phala padzanja ali wamng'ono. Akatha chimenecho, atsegule china. Masiku atatu, mpaka mwanayo anaimba foni kuti ali moyo. Amene munatumiza zithunzi zija, masiku atatuwo muwabwezera chiyani mayi aja?

Kodi kwanu maliro mumalengeza choncho? Ife tinakula tikudziwa kuti munthu akatsikira kuli chete, uthenga umayamba wafika kwa amfumu, kenaka atumidwe anthu aulemu kukauza abale, ndipo pofika amayamba akhala pansi. Thupi amasamala ndi adzukulu, salionetsa kwa aliyense wodutsa m'njira. Nawonso a Malawi Defence Force ali ndi dongosolo lawo lokauzira banja. Inu mwalumpha zonsezi pofuna kuti anzanu akutameni kuti mumamva nkhani msanga.

Ngakhale nkhondo, ndi nkhanza zake zonse, ili ndi malamulo. Mapangano amene mayiko anasaina ku Geneva mu 1949 amati akufa azindikiridwe ndi kuikidwa mwaulemu, ndipo wogwidwa pa nkhondo asasandutsidwe chionetsero. Apa ndikuphatikizapo a mbali inayo. Mnyamata wa ku Congo amene mukumuseka mu vidiyo atamangidwa manja, nayenso pali mayi amene anamubereka kumbuyo.

Chimene chinandiwawa koposa ndi ndemanga za pa Facebook. "Anatsatira madola." "Anadziwa chimene ankapitira." Pakamwa potere pa maliro a mwana wa mwini! Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mukudziwa za Private Chancy Chitete? Mu Novembala 2018, pafupi ndi mzinda wa Beni kum'mawa kwa Congo komweko, asilikali athu ndi a ku Tanzania osungitsa mtendere pansi pa United Nations akulimbana ndi zigawenga za ADF, Chitete anaona msilikali wa ku Tanzania atavulala. Analowa pakati pa zipolopolo, namukokera pobisika, ndipo akumupatsa chithandizo choyamba iyeyo anawomberedwa n'kumwalira. Mnzakeyo anapulumuka. Pa nkhondo imeneyo tinataya Amalawi 6. Mu Meyi 2019, bungwe la United Nations linapereka kwa banja lake mendulo ya Captain Mbaye Diagne, yopatsidwa kwa osungitsa mtendere oonetsa kulimba mtima kwapadera. Madola angati angamuchititse munthu zimenezo?

Sindikukuletsani kufunsa. Inenso ndimafunsa ngati ana athu anapita ndi zida zokwanira, komanso ngati amasiye awo akusamalidwa. Lazarus Chakwera, amene anali Pulezidenti nthawi imeneyo, analamula mu Febuluwale 2025 kuti asilikali ayambe kukonzekera kubwerako, ndipo mu Malichi SADC inathetsa ntchitoyo. Mafunso oterewa kafunseni aphungu anu, muwafunse mwamphamvu, koma thupi la mwana wa munthu mulisiye lofundidwa.

Inu oyang'anira magulu a WhatsApp, udindowu ndi wanu. Chithunzi chotere chikangolowa, fufutani nthawi yomweyo, wotumizayo mumuimbire pambali mumudzudzule. Akabwereza, mutulutseni m'gulu. Ndipo amene zithunzi za ku Goma zikadali m'foni mwanu mpaka lero, tsegulani muzifufute musanagone.