Musandiuzenso kuti "aliyense angathe kusintha yekha"

Dzulo ndinathera maola atatu pa laputopu ya mnzanga wina amene maso ake anayamba kufooka zaka zingapo zapitazo, ndipo mpaka pano mtima wanga sunakhale m'malo. Laputopuyo inali ndi Windows 10, imene inasiya kulandira zokonza za chitetezo pa 14 Okutobala 2025, ndipo popeza ndi yakale siingathe kunyamula Windows 11. Choncho ndinamuikira imodzi mwa masisitimu ang'onoang'ono a Linux, imene sindiitchula dzina pano, chifukwa ndinamva kuti ndi yopepuka ndipo imayenda bwino pa makina okalamba. Titamaliza, kompyuta inayaka popanda vuto ndipo desktop yake inaoneka yosalala ndi yokongola, koma munalibe pulogalamu yowerenga mokweza zimene zili pa sikirini, njira yokulitsira zilembo inali yobisika m'fayilo imene munthu amayenera kuitsegula n'kulembamo pamanja, ndipo mindandanda ina sinkatheka kuyendamo ndi kiyibodi yokha. Nditalembera mmodzi wa anthu amene amakonza sisitimuyo kumufotokozera zonsezi mwaulemu, yankho lake linali la mzere umodzi: "Desktop imene sisitimu imabwera nayo si nkhani, aliyense angathe kusintha yekha."

Asinthe bwanji? Munthu amene sakuona bwino, atakhala patsogolo pa makina amene sakulankhula, akapeza kuti batani losinthira? Mukumuuza kuti akatenge makiyi amene mwawatsekera m'nyumba momwemo. Yankho limeneli ndalimvapo kambirimbiri kwa anthu okonda Linux, ndipo inenso ndinalinenapo kale ndisanakhale pafupi ndi munthu amene likumupweteka, koma dzulo linandinyansa kuposa masiku onse.

Kwa amene simuzolowera nkhanizi, Linux payokha ndi phata lobisika limene limayendetsa makina, ndipo zonse zimene mumaona ndi maso, monga mawindo, mndandanda wa mapulogalamu, mafoda, wotchi ya pakona ndi malo osinthira mawu ndi kuwala, ndi mbali ina imene imatchedwa desktop. Madesktop alipo ambiri, monga GNOME, KDE Plasma, Xfce, MATE, Cinnamon ndi LXQt, ndipo gulu lililonse lokonza sisitimu limasankha imodzi yoti izibwera yoikidwa kale. Katswiri amadziwa kuti zigawo zimenezi n'zosiyana. Munthu wamba sadziwa, ndipo palibe chifukwa choti adziwe. Kwa iye chimene waona tsiku loyamba ndiye Linux yonseyo, ndipo chikamukanika amatseka laputopu n'kukauza anzake kuti Linux ndi yovuta. Sabweranso kudzafunsa ngati pali desktop ina, chifukwa sakudziwa n'komwe kuti funso lotero liliko. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.

Choncho chimene mwaika kukhala choyamba ndicho chigamulo chanu, ndipo muyenera kuchiyankhira. Mwasankhira munthu ngati adzamve kompyuta ikulankhula kapena ayi, ngati makina ake okhala ndi RAM (memore yogwirira ntchito) yochepa adzayende kapena adzakwawe, ngati adzapeze fayilo yake pamene anazolowera kuipeza kapena adzaisakasaka. Mwasankha inuyo, pa tsiku limene iye kunalibe. Kunena pambuyo pake kuti angathe kusintha ndi kusamba m'manja pa mlandu umene mwaupalamula nokha. Ndikudziwa kuti ambiri mwa anthu amenewa ndi odzipereka amene amagwira ntchitoyi usiku popanda malipiro, koma zimenezo sizisintha chimene mnzanga anaona pa sikirini dzulo.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'choti nkhani imeneyi si yachilendo, ndipo magulu akuluakulu anaithetsa kale poyera. M'mwezi wa Novembala 2013, Debian, imodzi mwa masisitimu akuluakulu a Linux, inasintha desktop yobwera nayo kuchoka ku GNOME kupita ku Xfce pokonzekera mtundu wa 8 wotchedwa Jessie, ndipo anagwirizana kuti adzaunikanso chigamulocho mtunduwo usanatuluke. Anaunikadi. Mu Seputembala 2014 Joey Hess, amene ankayang'anira mbali imeneyi, anabwezera GNOME pamalo pake, ndipo chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu zimene anapereka chinali choti GNOME ndi MATE zinali patsogolo kwambiri pothandiza anthu olumala, pomwe madesktop enawo anali m'mbuyo. Jessie inatuluka mu Epulo 2015 ili ndi GNOME. Munthu angatsutse chigamulo chimenecho, ndipo ambiri anachitsutsa, koma palibe amene anganene kuti anthu aja anaiona nkhaniyo ngati yopepuka. Anayerekezera madesktop onse pa mfundo zodziwika, anafunsa amene amagwira ntchito ndi anthu osaona, kenako anasankha. Pulogalamu yoikira Debian ili ndi njira yoti munthu akangodina chilembo cha s poyambira, makina ayambe kulankhula, ndipo pa GNOME pulogalamu yowerenga mokweza yotchedwa Orca imayaka podina mabatani atatu, Super (la chizindikiro cha Windows), Alt ndi S. Zimenezi zakhalapo kwa zaka zambiri. Ndiye wina mu nthawi ino akatulutsa sisitimu yosalankhula n'kumati si nkhani, ndimuone bwanji?

Ndipo ngati desktop yobwera ndi sisitimu si nkhani, phokoso lonse la 2011 linali la chiyani? M'mwezi wa Epulo chaka chimenecho GNOME 3 inatuluka ndi maonekedwe atsopano kotheratu, mawindo ake alibe batani lowatsitsira pansi, ndipo m'mwezi womwewo Ubuntu 11.04, sisitimu ina yotchuka ya Linux, inabwera ndi desktop yakeyake yotchedwa Unity. Anthu anakwiya mpaka kubadwa kwa madesktop awiri atsopano, MATE imene inapitiriza GNOME 2 yakale, ndi Cinnamon ya sisitimu ya Linux Mint. Linus Torvalds mwiniwake, amene anayambitsa Linux mu 1991, anasamukira ku Xfce nthawi imeneyo. Iye angasamuke, inde, chifukwa ndi Torvalds. Mnzanga uja si Torvalds, ndipo anthu ochuluka amene timawanyengerera kuti asataye makompyuta awo akale si a Torvalds. Mu 2017 Mark Shuttleworth, amene anayambitsa Ubuntu, analengeza kuti Ubuntu ikusiya Unity kubwerera ku GNOME, ndipo nkhani imeneyo inamveka paliponse pamene anthu amakamba za Linux, pa chifukwa chimodzi chokha, chakuti aliyense ankadziwa kuti chimene Ubuntu yaika choyamba ndicho chimene unyinji udzagwiritse ntchito. Fedora, sisitimu inanso ya Linux, inakhala zaka zambiri ikukoka chingwe pa nkhani yomweyi mpaka mu 2025 pamene mtundu wa 42 unakweza KDE Plasma kukhala pa mlingo umodzi ndi mtundu wa GNOME. Anthu samenyera malo oyamba kwa zaka zonsezi ngati malowo alibe kanthu.

Ine sindikukuuzani kuti musankhe GNOME, kapena Plasma, kapena Xfce. Pa kompyuta yanga ndasinthapo kangapo ndipo iliyonse ili ndi zake zonditopetsa. Chimene ndikunena n'choti posankha muziganizira munthu amene sangathe kusintha, chifukwa amene angathe kusintha adzasintha ndithu kaya mwaika chiyani. Katswiri mukamuikira desktop imene sakuifuna, wataya mphindi khumi ndi zisanu, walemba mzere umodzi wa malamulo a kompyuta, watukwana pang'ono, nkhani yatha. Wosaona mukamuikira desktop yosalankhula, wataya kompyuta yonse. Wokalamba amene anaphunzira malo a batani lililonse movutikira, mukamubisira mabataniwo, wataya kompyuta yonse. Amene alibe intaneti yodalirika yokoperera desktop ina ya mamegabaiti mazanamazana, nayenso chimodzimodzi. Pamenepa kulemera kwa mbali ziwirizi n'kosiyana kutalitali, komabe mikangano yambiri ya nkhaniyi imachitika pakati pa akatswiri okhaokha amene aliyense akufuna kuti chokonda chake chipambane, ndipo amakangana za mitundu, za makona ozungulira a mawindo ndi za kuchepa kwa RAM imene desktop ikudya itangoyaka isanagwire ntchito iliyonse. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Desktop ya dzulo ija inali yokongoladi pa chithunzi.

Inenso ndili ndi mbali yanga pa mlanduwu, chifukwa ndinayang'ana kupepuka kokha osafufuza ngati makinawo adzalankhula, ndipo ndinachita manyazi mnzanga atandifunsa mofatsa ngati ndamaliza, ine ndikulimbana ndi fayilo ya masetingi. Komatu ine ndinalakwira munthu mmodzi, ndipo ndikonza. Amene anasankha desktop imeneyo akulakwira aliyense wa mtundu wa mnzangayu amene adzaike sisitimuyo, ndipo atauzidwa sanaone n'komwe kuti pali choti akonze. Akanangonena kuti sisitimu yathu sinakonzekere anthu ovutika kuona, yesani ina, ndikanamvetsa ndipo ndikanathokoza. Akanalemba zimenezo poyera pamene munthu amakoperapo sisitimuyo, maola anga atatu sakanapita pachabe. Ufulu wosintha pulogalamu umene timaunyadira m'dziko la mapulogalamu otseguka unapangidwa kuti munthu asamangidwe ndi mwini pulogalamu, ndipo n'zomvetsa chisoni kuuona ukugwiritsidwa ntchito ngati chobisalira cha amene sakufuna kuganiza.

Pali enanso amene amaganiza kuti athana nalo vutoli posasankha chilichonse, ndipo amenewa amandikwiyitsa mofanana. Munthu akuika sisitimu koyamba m'moyo wake, wadutsa kale funso loopsa la kugawa diski, manja ali njenjenje poopa kufufuta zithunzi zake, kenako akumana ndi mndandanda wa mayina asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu opanda chithunzi, opanda mawu ofotokozera, ndipo akuuzidwa kuti asankhe. LXDE ndi LXQt zikusiyana pati kwa munthu amene sanamvepo mayina onsewa? Ndinaonapo wina atachonga mabokosi onse poganiza kuti akasiya limodzi kompyuta ikhala yoperewera, ndipo mapeto ake anali ndi mapulogalamu anayi otsegulira mafoda, malo atatu osinthira masetingi amene sankamverana, ndi mndandanda wa mapulogalamu wotalika moti sankapezamo ngakhale chowerengera masamu. Chithunzi chimodzi ndi mzere umodzi pansi pa dzina lililonse, wonena kuti iyi ndi ya makina akale, iyi imalankhula, iyi ikufanana ndi zimene munazolowera, n'zimene zakanika zaka zonsezi?